Keloid yabweranso, jakisoni sakugwira, chipsera chikukoka: tiyambire pati?

Anzanga amene mumaona odwala tsiku ndi tsiku, ma clinical officer, ma medical assistant, anamwino ndi madokotala, kaya muli m'tauni muno kaya ku Lumbadzi, ku Mitundu, ku Nathenje kapena ku Kabudula uko, ndati ndilembe pamodzi zimene ndimayankha pa foni pafupifupi sabata iliyonse zokhudza keloid, chipsera chotukumuka chongokulirakulira chija, ndi zipsera za moto, chifukwa mafunso ake amakhala omwewo omwewo. Tinadula keloid yabweranso, titani? Tabaya kanayi sichikufewa, tiwonjezere mankhwala? Mwana anapsa ndi phala, chilonda chinapola koma dzanja silikutambasuka, tidikire?

Chimene chandikankha kwenikweni ndi mtsikana wina wa Fomu 3 amene anabwera ndi mayi ake atamanga duku mpaka kuphimba makutu, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndiye atamasula ndinapeza keloid ngati dzira la nkhuku ikulendewera kukhutu la kumanzere. Inayamba ndi kuboola ndolo basi. Anadulidwa kawiri pa kachipatala kena, ulendo uliwonse imabwera yoposa poyamba, ndipo palibe amene anawauza kuti pambuyo podula pamafunika jakisoni miyezi ingapo. Mwanayo anali atajomba kusukulu teremu yathunthu chifukwa cha kusekedwa. Mayi ake anangoti, "Adokotala, ife timaona ngati akadula ndiye kuti zatha." Nanga akanadziwa bwanji ifeyo tisananene?

Keloid si chotupa choti ukachotsa nkhani yatha ayi. Ndi khungu limene likupitiriza kupola pamene chilonda chinatseka kalekale, likungounjika collagen, ulusi womangira chipsera, osaleka, ndiye mpeni uliwonse kwa ilo ndi chilonda chatsopano choyambirapo. Ife akhungu lakuda zimatigwira kwambiri kuposa azungu, zimayenda kumtundu, ndipo zimakonda a zaka za pakati pa 10 ndi 30. Pansipa ndayala malinga ndi dandaulo limene wodwala wabwera nalo, ndipo paliponse ndayamba ndi chifukwa chimene timakumana nacho kawirikawiri.

## Musanagwire kanthu, siyanitsani ziwirizi

- Hypertrophic scar imatukumuka koma imathera m'malire a chilonda, imayamba m'masabata ochepa chilonda chitapola, ndipo zambiri zimaphwa zokha pakatha chaka kapena ziwiri.
- Keloid imadumpha malire n'kulowa pa khungu labwinobwino, pena ngati miyendo ya nkhanu, itha kuyamba patatha miyezi ingapo, ndipo siphwa yokha.

Funsani wodwala akuonetseni ndi chala kuti chilonda choyamba chinali chachikulu bwanji. Akaloza kadontho ngati njere ya mapira koma pamaso panu pali chinthu chonga mbatata, imeneyo ndi keloid. Yezani ndi rula, lembani m'kabuku kake ka kuchipatala, ndipo akavomera jambulani ndi foni rulayo ili pambali, chifukwa pakatha miyezi itatu inu ndi iye nonse mudzakhala mutaiwala mmene chinaliri.

## Chipsera chikungokula, palibe amene wachidula

1. Malo ake ndi okokeka. Pakati pa chifuwa, m'mapewa, kumsana chakumtunda, m'nsagwada. Khungu la pamenepa silipuma, limakokeka munthu akamapuma, akamalima, akamasenza ndowa. Yambani triamcinolone, jakisoni wa steroid wobaya m'chipsera, msanga chidakali chaching'ono, ndipo ngati angakwanitse kugula, silicone sheet kapena gel maola osachepera 12 pa tsiku kwa miyezi itatu kapena kuposa.
2. Chimene chinayambitsa chidakalipo. Ziphuphu zikutulukabe pachifuwa, ndolo idakali m'khutu, ndevu zikulowa m'khungu. Kaphuphu kalikonse ndi keloid ya mawa, ndiye chizani ziphuphuzo kaye, benzoyl peroxide wodzola kapena doxycycline 100 mg, koma doxycycline osati kwa woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka 8.
3. Pali amene akuchigwira kunyumba. Mphini, kumanga ndi ulusi kuti chiduke chokha, kupaka zinthu zowotcha. Funsani mofatsa, mukakalipa sakuuzani, ndipo kumbukirani kuti munthuyo anapita kumeneko chifukwa chosowa mtengo wogwira.
4. Mimba kapena kutha msinkhu. Keloid imakonda kukula nthawi zimenezi. Kwa woyembekezera silicone ndi kudikira n'zokwanira.
5. Si keloid n'komwe. Izi ndi zochepa koma ndi zimene zimapha. Dermatofibrosarcoma protuberans, khansa ya pakhungu, imaoneka ngati keloid ya pachifuwa kapena pamimba, ndipo Kaposi sarcoma tonse timaidziwa kuno kwathu.

Imani pomwepo ngati wodwala sakukumbuka chilonda, kaphuphu, katsabola kapena katemera pamalopo, ngati chotupacho chili ndi timitu tingapo tolimba tozikika pansi, ngati chayamba kwa munthu wachikulire amene sanakhalepo ndi keloid, kapena pali mawanga ofiirira m'miyendo ndi m'kamwa. Yezani HIV, tumizani kukachita biopsy, kudula kachidutswa kokayeza ku labu, steroid asiyeni.

## Tinadula, yabweranso

Kudula kokha popanda china chotsatira, keloid imabweranso mwa odwala 45 mpaka 100 pa 100 alionse. Nambala imeneyi ili m'mabuku a za khungu kwa zaka zambiri koma tikudulabe ngati tikudula lipoma, chotupa wamba cha mafuta.

1. Panalibe chithandizo pambuyo podula. Ichi ndiye chifukwa chachikulu kuposa zonse. Triamcinolone amabayidwa m'mphepete mwa chilonda, ena amayamba tsiku la opaleshoni lomwelo, ena pochotsa ulusi pakatha masabata awiri, kenako mwezi ndi mwezi, nthawi zambiri mpaka miyezi 6. Ine sindidula ngati botolo la mankhwalawo sindinalione ndi maso anga, komanso ngati wodwala sanandiuze mmene azipezera thiransipoti yobwerera.
2. Wodwala anasiya kubwera. Chilonda chikapola bwino munthu amaona ngati wachira, komanso ulendo wochokera ku Kasiya kapena ku Malingunde mwezi ndi mwezi si ndalama yochepa. Lembani madeti onse m'kabuku tsiku loyamba lomwelo, tengani nambala ya foni ya wachibale, ndipo muuzeni poyera kuti kuyabwa kapena kulimba kukangoyamba asadikire deti, abwere. Keloid itha kudzuka patatha chaka kapena ziwiri, ndiye kumutsazika pa miyezi itatu n'kufulumira.
3. Chilonda chinasokedwa chokoka. Ngati mukuchita kulimbana kuti milomo ya chilonda ikumane, keloid ina mwaibzala kale. Masulani khungu pansi, ikani ulusi wa m'kati wosungunuka kuti ndiwo unyamule kukokako, pamwamba nylon wopyapyala osati silk. Pakhutu pali njira yosenda kachikopa ka pamwamba pa keloid, kuchotsa mtima wake wokha, n'kuphimba ndi kachikopa komweko, imathandiza kuti khutu lisafupike komanso lisakokeke.
4. Chilonda chinalowa matenda kapena magazi anaundana m'kati. Kutupa kukatalika khungu limapeza chifukwa chopitirizira. Letsani magazi bwinobwino musanatseke, muoneninso pa tsiku lachitatu.
5. Panalibe chopanikiza. Pakhutu ndolo zopanikiza zija zokhala ngati kakilipi ka mbale ziwiri zimavalidwa maola osachepera 12 pa tsiku kwa miyezi 6 mpaka chaka. Zigwire ndithu koma zisafinye mpaka khutu kuchita dzanzi kapena kutuluka chilonda. Mtsikana wa Fomu 3 uja akuvala yake, jakisoni sanaphonyepo, ndipo mpaka pano khutu lidakali lofewa.

Musadule nokha: keloid ya pachifuwa, pa phewa, m'nsagwada, iliyonse imene yadulidwa kale kawiri, ndi iliyonse imene mukuona kuti chilonda chake sichitseka popanda kukoka. Zoterezi kumene zipangizo zilipo akatswiri amadula n'kupereka radiotherapy, chithandizo chowotcha ndi cheza, m'maola 24 mpaka 72 oyambirira, ndipo kuphatikiza kumeneku kumachepetsa kwambiri kubwereranso, koma ndi nkhani yoti a opaleshoni ndi a radiotherapy agwirizane tsiku lodula lisanafike, ndipo kwa ana ndi amayi oyembekezera amapewa.

## Tikubaya koma sichikufewa

Apa ndikhalitsepo chifukwa nthawi zambiri vuto si mankhwala, ndi kabayidwe.

1. Mankhwala sakulowa m'keloid. Keloid ndi yolimba ngati mphira wa tayala. Sirinji ikamakankhika mosavuta dziwani kuti singano ili m'mafuta a pansi, ndipo mankhwala akamawazikira kumaso kwanu ndiye kuti singano yavuka. Tengani sirinji ya 1 mL ya Luer lock, yopotokolera singano ija, kapena ya insulin imene singano yake ndi yomatirira, lowani m'mnofu weniweni wa keloid, kankhani mpaka malowo atuwe n'kulimba pansi pa chala, sunthani ngati sentimita imodzi, bayaninso. Dzanja liyenera kutopa.
2. Botolo silinagwedezedwe. Triamcinolone acetonide ndi timibulu toyera toyandama m'madzi, botolo likakhala timadikha pansi, mukakoka pamwamba mwakoka madzi. Sirinji nayo ikakhala pa thireyi mphindi zingapo igudubuzeni m'manja musanabaye.
3. Mphamvu yachepa. Keloid yokhuthala imafuna 40 mg/mL poyamba, ikayamba kufewa mutsike ku 20 kenako 10. Kwa wamkulu ine sindipyola 40 mg yonse pa ulendo umodzi, keloid ikakhala yaikulu ndimaigawa zigawo, mwezi uno mbali iyi mwezi wamawa inayo.
4. Mankhwala ake si amenewo. Triamcinolone akasowa ku famase ena amangotenga hydrocortisone kapena dexamethasone wa pa thireyi ya emergency poti naye ndi steroid. Amenewo amasungunuka n'kuchoka msanga, sakhala m'chipseramo, wodwala wamva ululu pachabe ndipo chikhulupiriro chake chatha.
5. Mipata yatalika, kapena mwafulumira kugamula. Pakhale masabata 4 mpaka 6 pakati pa jakisoni ndi mnzake. Choyamba kuchoka ndi kuyabwa ndi ululu, kenako kufewa, kuphwa kumabwera pomaliza, ndiye musanene kuti zakanika musanabaye katatu kapena kanayi motsatana bwino.
6. Ululu unamuthawitsa. Jakisoni ameneyu amawawa kwambiri, makamaka pachifuwa. Bayani lignocaine, mankhwala a dzanzi, kuzungulira keloid ndi pansi pake, dikirani mphindi zisanu, kenako yambani. Amene wamva kuti mwamuganizira amabweranso.
7. Keloid yakanadi steroid. Zilipo zoterezi, ndipo apa ndi pamene zatsopano zathandiza.

Chimene chasintha kwambiri zaka zapitazi ndi 5-fluorouracil (5-FU) wa 50 mg/mL wosakaniza ndi triamcinolone, ambiri amaika magawo 9 a 5-FU ndi gawo limodzi la triamcinolone wa 40 mg/mL, ndipo ziwirizi pamodzi zimaphwetsa bwino kuposa steroid yekha, khungunso silifota kwambiri chifukwa steroid wachepa. Koma musaiwale kuti 5-FU ndi mankhwala a khansa, sabayidwa kwa woyembekezera, woyamwitsa kapena amene full blood count yake ndi yotsika, amatha kusiya tizilonda ndi mawanga akuda, ndipo amafuna magolovesi ndi katayidwe kake, ndiye si wa ku health centre. Akatswiri ena amabayanso bleomycin kapena verapamil. Cryotherapy, kuumitsa ndi nitrogen yamadzi kuja, imathandiza pa ma keloid ang'onoang'ono koma pa khungu lathu imasiya banga loyera chifukwa maselo opanga mtundu amafa msanga ndi kuzizira, n'chifukwa chake kunabwera njira yolowetsa singano yozizira m'kati mwa keloid kuti kuuma kuyambire m'kati pamwamba pasaonongeke kwambiri.

Za laser ndinenepo pang'ono chifukwa odwala akumabwera ataonera pa TikTok ndi pa Facebook, ena akufuna kugulitsa munda kuti apite ku South Africa kapena ku India. Pulsed dye laser ya 585 kapena 595 nm imalunjika timitsempha ta magazi, koma pa khungu lakuda melanin, wopatsa khungu mtundu uja, amameza kuwalako khungu n'kupsa. Nd:YAG ya 1064 nm imalowa mozama ndipo ndiyo yabwinoko kwa ife. Ngakhale zili choncho laser payokha sichotsa keloid yaikulu, imayenda ndi jakisoni yemweyu amene angathe kuyambira konkuno. Auzeni zimenezi mundawo usanapite.

## Pobayapo payera, palowa, kapena thupi lonse lasintha

1. Mankhwala anatayikira m'khungu labwino kapena munabaya pamwamba kwambiri. Pamayera, pena pamatuluka mzere woyera wochoka pa chipsera kutsata njira za lymph. Zimaoneka patatha masabata kapena miyezi ndipo zambiri zimabwerera mwakale pakati pa miyezi 6 ndi chaka. Muuzeni wodwala musanabaye, chifukwa banga loyera kumudzi anthu amaliganizira khate.
2. Munapitiriza 40 mg/mL keloid itaphwa kale. Pamachita kadzenje, khungu lopyapyala, timitsempha tofiira. Pumitsani jakisoni, mukadzayambanso tsikani mphamvu. Ena amabaya normal saline m'kadzenjemo sabata ndi sabata kuti atsuke timibulu totsalira.
3. Wodwala akudzolanso steroid kunyumba. Mafuta oyeretsa khungu a clobetasol ndi betamethasone, ndi timachubu tija tosakaniza mankhwala atatu togulitsidwa m'mashopu ndi pamsika. Muuzeni abweretse m'jumbo chilichonse chimene amadzola, muwerenge nokha.
4. Ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir. Ichi ambiri sitichifunsa. Odwala athu ochuluka ali pa 13A ya dolutegravir ndipo kwa iwo vuto limeneli palibe, koma amene ali pa atazanavir, lopinavir kapena darunavir yophatikiza ndi ritonavir, ritonavir amatseka njira ya m'chiwindi yophwanyira triamcinolone, ndiye jakisoni mmodzi yekha atha kubweretsa Cushing, nkhope yozungulira, mimba yonenepa, mizere yofiirira m'ntchafu, shuga ndi BP kukwera. Onani mankhwala ake musanabaye. Musamusiyitse ma ARV, kambiranani ndi a ku ART clinic.

Amayi ena msambo umasokonekera pambuyo pa jakisoniyu, achenjezeni. Wa shuga ayeze pafupipafupi sabata yoyamba. Tumizani mwachangu aliyense amene walandira steroid wambiri ndipo wayamba kufooka, kusanza, chizungulire ndi BP yotsika. Mwana wamng'ono musamubaye nokha, mlingo wake ndi wa akatswiri.

## Chikuyabwa, chikubaya ngati singano, chikutuluka mafinya

Kuyabwa ndi kubaya ndi chizindikiro choti keloid idakali yamoyo ikukula, ndipo jakisoni wobayidwa bwino ndi amene amathetsa. Piriton amangothandiza kugona. Adzole Vaseline, asakande, bra kapena lamba wa chikwama asakhule pamenepo, ndipo ngati kubayako kukumulanda tulo amitriptyline wochepa usiku amathandiza.

Mafinya nthawi zambiri amachokera m'timabowo ta pakati pa keloid mmene mwatsekeredwa tsitsi ndi litsiro, makamaka pachifuwa ndi m'ndevu. Musabaye steroid pamene pali mafinya. Tulutsani, tsukani, perekani cloxacillin, dikirani paume. Zikamabwereza mwezi ndi mwezi njirayo imafunika kuchotsedwa ndi a opaleshoni.

## Tiziphuphu tolimba kunkhongo kwa anyamata

Iyi ndi acne keloidalis nuchae. Choyambitsa chachikulu ndi kumeta mpala wa lezala kapena kudula mzere kunkhongo sabata iliyonse, kenako kolala yolimba ya yunifomu, chipewa, ndi helemeti kwa akabaza a njinga zamoto. Asiye tsitsi likule pang'ono, wometa asafike pakhungu, doxycycline 100 mg kwa masabata angapo, steroid wodzola masabata awiri n'kupuma awiri, timabulu tolimba tibayidwe triamcinolone. Tikalumikizana n'kukhala chigamba chimodzi chachikulu chotuluka mafinya, tumizani.

## Chipsera cha moto chikukoka chiwalo

Juni ndi Julaye akafika mawodi amadzaza ndi ana opsa ndi mbaula, phala ndi madzi osamba, komanso anzathu a khunyu ogwera pamoto. Timalimbana kuti apulumuke, apulumukadi, kenako pakatha miyezi inayi akubwera chibwano chitamatirira pachifuwa kapena zala zitapindikira m'chikhato, ndipo zambiri mwa izi zikanapewedwa mu wodi momwemo.

1. Chilonda chinachedwa kupola. Chopsa chimene chadutsa masabata atatu chisanatseke nthawi zambiri chimasiya chipsera chokhuthala chokoka. Ndiye pa masabata awiri ngati sichikuonetsa kutseka, funsani za skin graft, kutenga khungu pena n'kuliyala pachilonda, musangomanga bandeji miyezi ndi miyezi.
2. Chiwalo chinagona chopinda. Munthu wopsa amadzipinda kuti ululu uchepe, ndipo chipsera chimauma mmene wadzipindiramo. Wopsa kukhosi asagonere pilo. Kukhwapa, mkono utambasulidwe madigiri 90. Chigongono ndi bondo ziwongoke. Dzanja lipindikire kumbuyo pang'ono, mfundo zoyamba za zala zipinde madigiri 70 mpaka 90, zalazo ziwongoke, chala chachikulu chitalikire, ndipo chala chilichonse chimangidwe pachokha kuti zisamatane. Slab ya POP, pulasitala wa chikhakha uja, imakwanira, simufunika zodula.
3. Masewero anasiyidwa chifukwa cha ululu. Perekani mankhwala a ululu mphindi 30 musanayambe, phunzitsani gadiyani ndi manja osati pakamwa pokha, ndipo a physiotherapy aitanidwe sabata yoyamba osati tsiku lotuluka. Chilonda chikatseka, kusisita ndi mafuta ndi chovala chopanikiza pafupifupi tsiku lonse kwa chaka kapena kuposa.
4. Mwana akukula koma chipsera sichikula naye. Dzanja limene linali bwino ali ndi zaka zitatu litha kuyamba kukoka ali ndi zisanu ndi ziwiri. Muoneni chaka ndi chaka.
5. Khunyu silinasamalidwe. Akapanda kumwa mankhwala mwandondomeko adzagweranso pamoto pomwe pamene mwakonza.

Chokoka chimene chauma kale musachiwongole ndi mphamvu, mung'amba khungu, mitsempha, pena kuthyola fupa la mwana. Tumizani lero lomwe ngati chikope sichikutseka chifukwa diso liuma n'kufa, ngati pakamwa pachepa moti sakudya bwino, ngati khosi lakokedwa, kapena ndi dzanja la mwana. Zina zimadikira kuti chipsera chikhwime kaye. Akatswiri amamasula ndi Z-plasty, kucheka ngati chilembo cha Z n'kusinthanitsa mbali zake, imene pa ngodya za madigiri 60 imatalikitsa chipsera ndi 75 pa 100, kapena full thickness graft (graft ya khungu lonse lathunthu), kapena flap (khungu losamutsidwa ndi mitsempha yake ya magazi). Pa Kamuzu Central pali burns unit, ku Blantyre kuli ya ku Queens, ndipo Beit CURE imathandiza ana a zokoka zoterezi.

## Skin graft sinagwire

Masiku awiri oyamba graft imangomwa madzi a pachilonda, mitsempha ya magazi imalumikizana pambuyo pake, ndiye chilichonse cholowa pakati pa graft ndi chilonda m'masiku asanu oyamba chimaipha.

1. Magazi kapena madzi anaunjikana pansi. Letsani magazi musanayale, boolani timabowo kapena chitani mesh, mangani yogwira.
2. Inasuntha. Mwana anakanda, wodwala anayenda, bandeji inatsetsereka. Ikani slab podutsa mfundo, mwendo ukhale m'mwamba, ndipo musatsegule lisanafike tsiku lachisanu pokhapokha pali fungo, kutentha thupi kapena bandeji yanyowa.
3. Matenda. Mafinya obiriwira ndi Pseudomonas, acetic acid wa 1% pa gozi amathandiza. Streptococcus pyogenes amasungunula graft yonse, ameneyo athe kaye musanayale ina.
4. Pansi pake sipanali pabwino. Fupa lopanda kachikopa kake, tendon ya pamtunda, mnofu wotuwa wakufa, pamenepo graft simera, pamafunika flap.
5. Thupi lilibe zomangira. Yezani Hb, shuga ndi HIV. Chiponde, likuni phala, mazira, usipa, nyemba, ndipo wosuta asiye fodya.

Kumene kuli makina a negative pressure, oyamwa mpweya pansi pa siponji yomatidwa aja, amagwira graft kuti isasunthe n'kumakoka madzi nthawi yomweyo, ndipo amathandiza kwambiri malo ovuta ngati kukhwapa ndi pa phazi. Graft ikalephera kawiri musayale kachitatu musanapeze chifukwa, khungu lotengako nalo limatha.

## Pachipsera chakale patuluka chilonda, sichikupola

1. Kukhulika. Chipsera cha moto ndi chopyapyala, chimang'ambika pa bondo, pa chigongono, pamene nsapato ikugunda. Chotsani chokhulacho, mangani bwino, chiyenera kuyamba kutseka m'masabata awiri.
2. Matenda a pamwamba kapena a m'fupa. Kabowo kotuluka mafinya zaka ndi zaka pamwamba pa fupa, jambulani X-ray.
3. Shuga, HIV yosaponderezeka, magazi ochepa, mitsempha yotupa ya m'miyendo.
4. Khansa. Marjolin ulcer, nthawi zambiri squamous cell carcinoma, imamera pachipsera cha moto patatha zaka makumi awiri, atatu kapena kuposa, ndipo imafalikira msanga kuposa khansa ya pakhungu wamba.

Ndaika khansa pomaliza chifukwa ndi yosowa poyerekeza ndi zinazo, koma ndi imene ndimaiopa, chifukwa ndaonapo bambo wina amene anapsa mwendo ali mwana akumangidwa bandeji pafupifupi chaka chathunthu, aliyense akuti ndi chilonda wamba, pofika kwa ife mwanabere anali atatupa kale m'mphechepeche. Milomo ya chilonda yokhuthala yotembenukira kunja, kutuluka magazi mukangokhudza, fungo loipa, ululu watsopano, mwanabere wolimba, kapena kungoti mwezi wathunthu wa kumanga bwino chilonda osasintha, lekani bandeji, chitani biopsy. Kwa anzathu achialubino musadikire n'komwe mwezi, kachilonda kapena kankhanambo kosapola kumaso, m'makutu, pakhosi, pamilomo ndi m'manja katengeni ngati khansa mpaka labu itakana.

Ngati muli ndi luso lotenga nokha, dulani kachidutswa m'mphepete kotenga chilonda pamodzi ndi khungu looneka labwino, kozama ndithu, ndipo chilonda chikakhala chachikulu tengani malo awiri kapena atatu, osati pakati pofa paja. Ikani mu formalin wa 10% wochuluka kakhumi kuposa kachidutswako, osati mu saline kapena mu spirit. Pa fomu lembani kuti munthuyo anapsa liti, chilonda chakhala nthawi yaitali bwanji, chili pati, HIV yake, ndi manambala awiri a foni, yanu ndi ya wachibale. Labu ya pathology ilipo pa Kamuzu Central. Dzina lake lilembeninso m'buku lanu la pa tebulo, ndipo masabata atatu akadutsa zotsatira zisanafike imbani foni kukafunsa, musadikire kuti bamboyo adzachite kubwera yekha kuchokera kumudzi.